50 Miliyoni ndi 7 Miliyoni: Manambala Osayenera Kukhala pa Mzere Umodzi

Anthu akafuna kuyerekeza Covid-19 ndi miliri yakale, kawirikawiri amatulutsa manambala awiri. Amati fuluwenza ya mu 1918 inapha anthu 50 miliyoni, pomwe Covid-19 yapha anthu pafupifupi 7 miliyoni. Akatero amaona ngati mlandu watha. Ena amafuna kusonyeza kuti tinanjenjemera ndi kanthu kochepa, ena amafuna kutamanda sayansi kuti yatipulumutsa. Ine chimene chimandivuta si mbali imene munthu waima ayi, koma manambala enieniwo. Onse awiri ali ndi maziko, koma sanapezeke m'njira yofanana, ndipo amene amawaika pamodzi popanda kufunsa kumene anachokera amadzinamiza yekha.

Tiyambe ndi 50 miliyoni uja. Palibe munthu amene anawerenga mitembo 50 miliyoni. Mu 1918 panalibe n'komwe njira yoyezera wodwala kuti adziwe ngati ali ndi fuluwenza, chifukwa kachilombo koyambitsa matendawa mwa anthu kanadzapezeka mu 1933. Madokotala ambiri a nthawiyo ankaganiza kuti woyambitsa ndi bakiteriya. Dziko linali pa nkhondo, ndipo maboma omenyana ankaletsa nyuzipepala kulemba nkhani zofooketsa asilikali. Dziko la Spain silinalowe nawo nkhondoyo, choncho atolankhani ake ankalemba momasuka, ngakhale za kudwala kwa Mfumu Alfonso XIII, ndipo mliri wa dziko lonse unangosenzetsedwa dzina la Spain.

Nanga nambalayo inachokera kuti? Inamangidwa pang'onopang'ono, patapita zaka. Mu 1927 wasayansi wa ku America, Edwin Jordan, atasonkhanitsa malipoti amene akanatha kupeza, ananena kuti anafa anthu oposa 21 miliyoni. Nambala imeneyi inakhala m'mabuku kwa zaka zambiri. Mu 2002 ofufuza awiri, Niall Johnson ndi Juergen Mueller, atabwereza kuwerenga ndi kuphatikizamo madera amene poyamba sanaganiziridwe mokwanira, anafika pa 50 miliyoni, n'kuonjeza kuti mwina n'kufika 100 miliyoni. Kafukufuku wina wa mu 2018 anaitsitsa kufika pafupifupi 17 miliyoni. Taonani kutalikirana kwake: 17 mpaka 100. Ku India, kumene kunafa anthu ambiri kuposa dziko lina lililonse, ofufuza amadalira kwambiri kalembera wa anthu wa mu 1911 ndi wa mu 1921. Amayang'ana anthu amene ankayenera kukhalapo, n'kuchotsapo amene anapezekadi, ndipo mpata wotsalawo ndi umene umapereka chithunzi cha mliriwo, anthu pakati pa 12 miliyoni ndi 20 miliyoni.

Tsono 7 miliyoni wa Covid-19 ndi wamtundu wina. Ameneyu ndi chiwerengero cha imfa zimene maboma anazilemba n'kuzipereka ku bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO. Kuti munthu alowe m'chiwerengerochi, nthawi zambiri ankayenera kuyezedwa, kapena dokotala alembe pa chikalata cha imfa kuti wafa ndi Covid-19, kenako chikalatacho chifike ku ofesi yoyenera. Wofera kunyumba osayezedwa, wofera m'njira akupita kuchipatala, wofera m'dziko limene zipangizo zoyezera zinatha, onsewa sanawerengedwe. Ndipo ngakhale popanda mliri, dziko lapansi silidziwa bwino akufa ake. WHO inanena mu 2021 kuti pa imfa 10 zilizonse pa dziko lonse, pafupifupi 4 sizilembedwa m'kaundula.

Njira yoyenera yoyerekezera ilipo, ndipo ndi yomwe ija anagwiritsa ntchito ofufuza za 1918. Mumayang'ana kuti m'zaka zopanda mliri mumafa anthu angati, kenako n'kuona kuti m'zaka za mliri anafa angati, osasamala kuti pa chikalata analembapo chiyani. Opyola pa chiwerengero cha masiku onse ndiwo imfa zoonjezera. WHO itachita zimenezi inapeza kuti mu 2020 ndi 2021 mokha munafa anthu oonjezera pafupifupi 14.9 miliyoni, pomwe imfa za Covid-19 zimene maboma analemba m'zaka ziwirizo zinali 5.4 miliyoni. Ndiye kuti pa munthu mmodzi wolembedwa panali ena pafupifupi awiri osalembedwa. Ku India boma linalemba imfa pafupifupi 481,000, WHO inati 4.7 miliyoni, ndipo boma la India linakana kwamtuwagalu. Dziko la Peru linachita zosiyana: mu Meyi 2021 linabwereza lokha kuwerenga, ndipo chiwerengero chinadumpha kuchoka pa 69,000 kufika pa 180,000 tsiku limodzi. Tsikulo sikunafe munthu woonjezera aliyense. Anangosintha kawerengedwe.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi cha fuluwenza ya mu 2009, ija ankaitcha ya nkhumba. Imfa zotsimikizidwa mu labotale zinali pafupifupi 18,500. Ofufuza a CDC, bungwe la boma la America loona za matenda, atawerenganso, anapeza kuti m'chaka choyamba anafa anthu pakati pa 151,700 ndi 575,400. Mliri umodzi womwewo, m'nthawi ya makompyuta ndi intaneti, manambala ake n'kusiyana kasanu ndi katatu kapena kuposa. Ngati zinatero mu 2009, nanga mu 1348, nthawi ya mliri wa makoswe ku Ulaya?

Vutoli ndi lakalekale. Mzinda wa London unkasindikiza mndandanda wa imfa sabata iliyonse, ndipo m'chaka cha mliri wa makoswe cha 1665 analemba kuti mliriwo unapha anthu 68,596. Nambala yooneka yolongosoka, mpaka ka 6 komaliza. Koma amene ankanena chimene chapha munthu anali amayi achikulire osauka olembedwa ntchito ndi parishi kuti azikaona mitembo, ndipo sanali madokotala. Nyumba ikapezeka ndi mliri inkatsekedwa, pachitseko n'kujambulapo mtanda wofiira, panja n'kuimikapo mlonda, athanzi ndi odwala n'kutsekeredwa limodzi. Ndani angafune zimenezo? Mabanja ankachonderera kapena kupereka kangachepe kuti alembe matenda ena. N'chifukwa chake akatswiri a mbiri yakale amati chiwerengero chenicheni chinayandikira 100,000, pafupifupi munthu mmodzi pa anthu anayi alionse a mumzindawo. Tikabwerera m'mbuyo kwambiri, pa mliri wa m'nthawi ya Mfumu Justinian umene unafika mumzinda wa Constantinople (lero Istanbul, ku Turkey) mu 542, timadalira olemba ngati Procopius, amene anati pa tsiku pankafa anthu 5,000, kenako 10,000. Akatswiri amakanganabe mpaka lero ngati anawerengadi kapena ankangofuna kunena kuti anthu anafa osawerengeka.

Chabwino, tiike 15 miliyoni m'malo mwa 7 miliyoni, ngakhale kuti ameneyunso ndi wa zaka ziwiri zokha. Kodi tsopano tingayerekeze? Pang'ono, koma patsala funso lalikulu: pa anthu angati? Mu 1918 pa dziko panali anthu pafupifupi 1.8 biliyoni. Mu 2020 analipo pafupifupi 7.8 biliyoni. Tikatenga 50 miliyoni, ndiye kuti fuluwenza ija inapha anthu pafupifupi 28 pa anthu 1,000 alionse. Tikatenga nambala yotsika ya 17 miliyoni, ndi anthu 9 kapena 10 pa 1,000. Covid-19, m'zaka ziwiri zoyambazo, inapha pafupifupi 2 pa 1,000. Apa sindizemba: mliri wa 1918 unali woopsa kwambiri kuposa Covid-19, mwanjira iliyonse imene mungawerengere. Ukanabwera lero ndi ukali womwe uja, tikanakamba za imfa zoposa 200 miliyoni. Ndipo onse awiriwa amachepa pamaso pa mliri wa makoswe wa pakati pa 1346 ndi 1353, umene unapulula pakati pa gawo limodzi mwa magawo atatu ndi theka la anthu a ku Ulaya. Umboni wake si nkhambakamwa chabe. Mabishopu a ku England ankalemba nthawi iliyonse akaika wansembe watsopano m'malo mwa womwalira, ndipo mabuku awo amasonyeza kuti m'madayosizi ena anafa ansembe pafupifupi theka.

Koma kunena kuti 1918 inaposa sikutanthauza kuti Covid-19 inali chimfine wamba. Miliri ya fuluwenza ya mu 1957 ndi 1968 inapha anthu pafupifupi 1 miliyoni uliwonse, pa nthawi imene dziko linali ndi anthu pafupifupi 3 biliyoni kapena kupitirirapo pang'ono. Ngakhale mutagawa ndi chiwerengero cha anthu, Covid-19 imaiposa kutali. Pa miliri yonse yogwira m'mapapo ya m'zaka 100 zapitazi, ndi yokhayo imene ingatchulidwe pamodzi ndi 1918.

Pali chisokonezo china chimene ndimachimva kawirikawiri. Munthu amati, “Ebola ndiye woopsa, amapha theka la amene wawagwira, osati Covid-19 yopha mmodzi pa 100.” Wanena zoona, koma wasakaniza mafunso awiri. Lina ndi lakuti, matendawa akandigwira, mwayi wanga wochira ndi wotani? Lina ndi lakuti, matendawa apha anthu angati? Mayankho ake nthawi zambiri amayenda mosemphana. Ebola ya pakati pa 2014 ndi 2016 ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone inagwira anthu pafupifupi 28,600 n'kupha oposa 11,300. SARS, nthenda ya m'mapapo ya mu 2002 ndi 2003, inagwira anthu pafupifupi 8,100 n'kupha 774, mmodzi pa 10 alionse. MERS, nthenda inanso ya m'mapapo imene inapezeka koyamba ku Saudi Arabia mu 2012, imapha mmodzi pa odwala atatu, koma m'zaka khumi zoyambirira akufa onse sanafike 1,000. Zonse zitatuzi mukaziphatikiza sizifika pa anthu amene Covid-19 inkapha m'masiku ochepa chabe pa nthawi imene inavuta kwambiri.

Chinsinsi chili pa kafalitsidwe. Wodwala Ebola amapatsira ena kudzera m'magazi, masanzi ndi zina zotuluka m'thupi, makamaka akadwalika kapena atamwalira, choncho amene ali pangozi ndi omusamalira ndi osambitsa mtembo. Wodwala SARS ankapatsira kwambiri zizindikiro zitaonekera kale, nthawi zambiri ali kale m'chipatala, ndipo zinali zotheka kumupatula ndi kulondola onse amene anakhudzana naye. Covid-19 inachita zimene akulu amanena, kuti chakudza sichiimba ng'oma. Munthu ankapatsira anzake asanayambe kutsokomola, ena osadwala n'komwe, akuyenda, akukwera ndege, akuimba m'kwaya. Matenda opha ochepa koma ogwira mabiliyoni amadzaza manda kuposa matenda opha ambiri koma ogwira masauzande.

Ndipo ngakhale “mmodzi pa 100” uja amaterera. Zimatengera kuti mwawerenga ndani ngati wodwala. Mukayeza okhawo ofika kuchipatala ali mwakayakaya, matenda amaoneka opha kwambiri. Mukayeza aliyense, nambala imatsika. N'chifukwa chake asayansi anachita chidwi ndi sitima ya pamadzi ya Diamond Princess, imene inaimitsidwa pa doko la Yokohama ku Japan mu Febuluwale 2020. Munali anthu 3,711, pafupifupi onse anayezedwa, 712 anapezeka ndi kachilombo, ndipo 14 anamwalira. Komabe apaulendo ambiri anali achikulire, choncho nambala imeneyi sikanaimira dziko lonse.

Zimenezi zikutifikitsa pa nkhani imene ine ndimaiona kuti ndi yolemera kuposa zonse: anafawo ndi ndani? Fuluwenza ya masiku onse imapha makamaka makanda ndi okalamba. Ya 1918 inachita zachilendo, inalusira anyamata ndi atsikana amphamvu zawo. Ku America, kumene kunafa anthu pafupifupi 675,000, pafupifupi theka la omwalirawo anali a zaka pakati pa 20 ndi 40. Amayi oyembekezera anafa ambiri zedi. Kunali kufa kwa olima, omanga, olera ana, ndipo kunasiya ana amasiye osawerengeka. Zaka zimene munthu wobadwa ku America ankayembekezeka kukhala ndi moyo zinatsika ndi zaka pafupifupi 12 m'chaka chimodzi, kuchoka pa 51 kufika pa 39. Covid-19 inalusira kwambiri okalamba. M'dziko lomwelo, pafupifupi atatu pa anayi alionse omwalira anali a zaka 65 kapena kuposa, ndipo zaka zoyembekezeka zinatsika kuchoka pa 78.8 mu 2019 kufika pa 76.4 mu 2021.

Akatswiri ali ndi njira yowerengera zimenezi, amawerenga zaka za moyo zimene zatayika osati anthu okha. Mnyamata wa zaka 25 akafa, zatayika zaka mwina 40 kapena 50, pomwe gogo wa zaka 80 akafa zatayika zochepa. Mwa kawerengedwe kameneka mpata wa pakati pa 1918 ndi Covid-19 umakula kwambiri. Ndimavomereza kuti njirayi ndi yothandiza kwa okonza mapulani a zaumoyo. Chimene sindigwirizana nacho ndi pamene ituluka mu ofesi n'kulowa m'kamwa mwa munthu wonena kuti, “Aja anali okalamba kale, akanafabe.” Anthu ambiri a zaka 70 amene anafa ndi Covid-19 sanali pa mphasa kudikira tsiku. Anali ndi zaka zina khumi kapena kuposa patsogolo pawo, akulera zidzukulu, ena akugwirabe ntchito. Masamu atiuze kukula kwa mliri, koma asatiuze maliro oyenera kulira.

Pali kanthu kenanso kobisika apa. Dziko la 1918 linali la achinyamata, okalamba anali ochepa. Lero pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 10 ali ndi zaka 65 kapena kuposa, ndipo ku Italy ndi oposa mmodzi pa asanu. Kachilombo ka Covid-19 kakanagwa m'dziko la 1918 kakanapeza okalamba ochepa oti kaphe. Komano kakanapezanso zipatala zopanda chilichonse.

Pakuti chiwerengero cha imfa si khalidwe la kachilombo kokha, ndi zotsatira za kukumana kwa kachilombo ndi dziko limene kalipeza. Kolera yoopsa ikapanda kuthandizidwa imatha kupha theka la odwala, koma wodwala akabwezeretsedwa madzi m'thupi msanga, akufa safika mmodzi pa 100. Bakiteriya ndi yemweyo. Mliri wa makoswe sunathe. Mu 2017 unabuka ku Madagascar, unagwira anthu pafupifupi 2,400 n'kupha pafupifupi 200, chifukwa lero pali mankhwala opha mabakiteriya. Ofufuza amene anapimanso zidutswa za mapapo a anthu omwalira mu 1918 anapeza kuti ambiri anatsirizidwa ndi chibayo cha mabakiteriya chobwera pambuyo pa fuluwenza. Penisilini anapezeka mu 1928 ndipo anayamba kufika kwa odwala m'zaka za m'ma 1940. Ndiye kuti anthu mamiliyoni anafa ndi chinthu chimene lero chimachizidwa ndi jakisoni kapena mapilitsi. Kumbali ya Covid-19, pofika Juni 2020 madokotala a ku Britain anali atasonyeza kuti mankhwala otchipa a dexamethasone amachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu pakati pa odwala opumira makina, ndipo pa 8 Disembala chaka chomwecho katemera anayamba kuperekedwa kumeneko. Zambiri mwa imfa 15 miliyoni zija zinachitika zonsezi zilipo, pamodzi ndi okosijeni, kutseka malire ndi kukhala panyumba. Wonena kuti “taonani, afa ochepa, ndiye panalibe chifukwa chovutikira” waiwala kuti kuchepako mbali ina kunabwera ndi kuvutikako.

Nanga nthawi? Fuluwenza ya 1918 inapha ambiri mwa anthu ake m'miyezi yochepa, makamaka kuyambira Seputembala mpaka Disembala chaka chimenecho. Edzi, kuchokera pamene inadziwika mu 1981, yapha anthu oposa 40 miliyoni, nambala yoyandikira ya 1918, koma m'zaka zoposa 40. Inafika pachimake cha m'ma 2004, pamene inkapha pafupifupi 2 miliyoni pa chaka, ndipo ngakhale ma ARV alipo, mu 2023 inaphabe anthu pafupifupi 630,000. Inapha anthu a msinkhu womwe uja wa 1918, makolo a ana aang'ono, ndipo mankhwala asanabwere inkapha pafupifupi aliyense amene yamugwira. Nthomba inapha anthu pafupifupi 300 miliyoni m'zaka za m'ma 1900 zokha, isanathetsedwe mu 1980. Chifuwa chachikulu chinapha anthu pafupifupi 1.25 miliyoni mu 2023. Koma nthomba ndi TB kawirikawiri sizipezeka pa mindandanda ya miliri yoopsa, chifukwa sizinabwere mwadzidzidzi. Zinangokhala nafe mpaka tinazizolowera. Zikuoneka kuti chimene chimatichititsa mantha si kuchuluka kwa akufa, koma liwiro limene akufera, ndiponso kuti akufera kuti.

Mawu akuti “kuti” amenewa ndi ofunika, chifukwa nambala ya dziko lonse imabisa zambiri. Mu 1918 maiko olemera ambiri anataya anthu osafika mmodzi pa 100, pomwe India inataya anayi kapena asanu pa 100. Ku South Africa anthu pafupifupi 300,000 anafa m'masabata ochepa, mwezi wa Okutobala ndiwo unali woipitsitsa.

Koma palibe malo oonetsa bwino zimenezi kuposa zilumba za Samoa. Pa 7 Novembala 1918 sitima ya Talune, yochokera ku Auckland, inakocheza pa doko la Apia ku Western Samoa ili ndi odwala fuluwenza. Akuluakulu a New Zealand, amene ankalamulira zilumbazo, analola apaulendo kutsika. Pasanathe miyezi iwiri anafa anthu pafupifupi 8,500, mmodzi pa asanu alionse, kuphatikizapo mafumu ndi atsogoleri a mipingo ambiri. Chapafupi pomwepo pali American Samoa, anthu amtundu umodzi, chilankhulo chimodzi, ambiri achibale. Bwanamkubwa wa kumeneko, John Martin Poyer, atamva za mliriwo anatseka madoko, ndipo mafumu a kumeneko anathandiza kulondera magombe kuti mabwato asalowe mozemba. Kumeneko sikunafe munthu ndi mmodzi yemwe. Poyer anadzipereka kutumiza thandizo la zachipatala ku Apia, koma wolamulira wa kumeneko, Robert Logan, sanalilandire. Boma la New Zealand linadzapepesa anthu a ku Samoa mu 2002, kudzera mwa nduna yaikulu Helen Clark, patapita zaka zoposa 80.